Kompyuta Ikamaiwala Zimene Munaiuza Dzulo: Kumene Ma Settings Amakhala

Vutoli aliyense amalifotokoza m'njira yakeyake. Mlembi wa pa ofesi amati Word yabwereranso pa pepala la Letter pomwe dzulo lomweli anaiika pa A4. Wosindikiza makadi a ukwati amati zida zake mu CorelDRAW zabalalika, sizili pamene anazisanja. Mphunzitsi amati laputopu yabwera kokonzetsa ikuthamanga bwino ndithu, koma mu Chrome mulibe adiresi ngakhale imodzi mwa zimene anasunga zaka zonsezi. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kutayipira anthu pa Kasungu boma pano, ndipo madandaulo onsewa gwero lake ndi limodzi: anthu sadziwa kumene mapulogalamu amasunga ma settings awo. Chimene chimandipweteka n'chakuti okonza ambiri amathamangira mankhwala awiri, kuchotsa pulogalamu n'kuiikanso kapena kufomata kompyuta yonse. Oyambawo nthawi zambiri sasintha kanthu. Achiwiriwo amataya zinthu zimene munthu wazisonkhanitsa kwa zaka.

Pulogalamu imakhala kwina, ma settings anu amakhala kwina. Pulogalamuyo nthawi zambiri imakhala mu C:\Program Files ndipo ndi ya aliyense wolowa pa kompyutayo. Koma kukula kwa pepala, mtundu wa zilembo, mawu amene munauza Word kuti isamawadule mzere wofiira, ma bookmark (maadiresi a masamba a pa intaneti amene munasunga), zonsezi zimalembedwa m'foda ya akaunti yanu, mu C:\Users. Zili ngati kwa telala: makina osokera ndi ena, kabuku kamene amalembamo miyezo ya makasitomala n'kena. Ngati m'kabukumo munalowa muyezo wolakwika, telalayo angagule makina atsopano koma malaya azitulukabe othina. Kabukuko kakatayikanso, makina abwino sangakumbukire chiuno cha munthu.

Mapulogalamu ambiri mukamawachotsa amasiya dala ma settings osawakhudza, kuti mukadzawaikanso mudzapeze zanu zili momwemo. Ndiye ngati chawonongeka ndi fayilo ya ma settings, Word yatsopano ija imangoiwerenganso fayilo yomweyo n'kuyambiranso khalidwe lakale.

## Malo ake enieni pa Windows

Dinani batani la Windows limodzi ndi R. Pakabokosi kotulukako lembani %APPDATA% n'kudina Enter. Mwafika mu AppData\Roaming ya akaunti yanu, ndipo muona mafoda a mayina odziwika, Microsoft, Mozilla, Adobe, Corel, vlc, malinga ndi zimene munaika pa makinawo. Mukalemba %LOCALAPPDATA% mufika m'foda inzake, AppData\Local. AppData ndi foda yobisika, n'chifukwa chake munthu amatha kukalamba ndi kompyuta osaionapo. Kuti izioneka, mu File Explorer pitani pa View muchonge Hidden items. Pa Windows 11 ndi View, kenako Show, kenako Hidden items. Kasanjidwe kameneka kanayamba ndi Windows Vista mu 2007. Amene akadali ndi makina a Windows XP ayang'ane mu C:\Documents and Settings, m'foda yotchedwa Application Data.

Roaming anaikonzera maofesi akuluakulu kumene wantchito amalowa pa kompyuta iliyonse ya pa netiweki n'kupeza ma settings ake atamutsata. Mumakhala tinthu ting'onoting'ono koma tofunika kwambiri. Mu Local mumakhala za makina amenewo okha, zambiri zolemera, pamodzi ndi zinyalala za mu Temp. Koma musati poti muli zinyalala ndiye kuti zonse n'zotaya ayi. Chrome yanu yonse, ma bookmark ndi mapasiwedi omwe, imakhala mmenemo.

Malo achiwiri ndi registry, kaundula wamkulu wa Windows, amene amatsegulidwa polemba regedit pakabokosi komwe kaja. Chigawo chanu ndi HKEY_CURRENT_USER\Software, ndipo pa disiki pafupifupi chigawo chonsechi chili m'fayilo imodzi yobisika, NTUSER.DAT, imene ili m'foda ya akaunti yanu. Dzina limeneli muligwire, tikumana nalo posachedwapa. Office imasunga zambiri mu Software\Microsoft\Office, pansi pa nambala: 16.0 ikuimira Office 2016, 2019, 2021 ndi Microsoft 365, 15.0 ndi ya 2013; 14.0 ndi ya 2010; 12.0 ndi ya 2007. Mu registry mulibe batani lobwezera chimene mwafufuta. Musanakhudze kalikonse, dinani kumanja pa chinthucho, musankhe Export, musunge kafayilo ka .reg kotulukako. Zikadzasokonekera, kungodina kawiri pa kafayiloko kumabweza zakale.

Pali malo enanso ochepa. C:\ProgramData, yobisikanso, ndi ya ma settings okhudza anthu onse olowa pa kompyutayo, monga a antivayirasi. Mapulogalamu otengedwa ku Microsoft Store amasunga zawo mu AppData\Local\Packages, m'mafoda a mayina aatali osamveka. Amenewa musavutike nawo, pitani ku Settings, Apps, Advanced options, muyambe ndi Repair, chifukwa Reset imafufuta zonse za pulogalamuyo. Ndipo mapulogalamu oyenda nawo pa fulashi, aja safuna kuikidwa, amasunga ma settings pambali pawo pomwepo, nthawi zambiri m'kafayilo ka .ini kamene mungakatsegule ndi Notepad.

## Yaiwala pulogalamu imodzi kapena zonse?

Funso limeneli ndi limene limandiuza koyambira. Ngati zonse zasintha nthawi imodzi, chithunzi cha pa sikirini chabwerera cha fakitale, Desktop ili mbee, Chrome ikukulandirani ngati mlendo, ndiye vuto silili mu pulogalamu iliyonse. Mwalowa m'foda ina.

Nyengo ya msika wa fodya ku Chinkhoma, mayi wina amene ndi mlembi wa kalabu ya alimi cha ku Chamama anafika pa shopu ali wefuwefu, laputopu atakulunga m'chitenje.

"Achimwene, mayina onse a alimi ndi mabelo awo apita. Nanga anthu aja ndikawauza chiyani?"

Laputopu yake batire linafa kalekale, inkangoyendera pa chaja, ndipo usiku wa dzulo lake magetsi anathima ili pakati pozima. Titaiyatsa, pakona ya pansi panatuluka uthenga wachingerezi wakuti You've been signed in with a temporary profile, umene iwo anali atautseka osauwerenga. Ndinawauza kuti, "Mayi, musalembe chilichonse pano, tiyeni tione kaye." Mu C:\Users munali mafoda awiri, ina ya dzina lawo ndi ina yotchedwa TEMP. M'foda ya dzina lawo ija, Excel ya alimi inali phee pa Desktop, osasowa mzere ndi umodzi womwe.

Chimachitika n'chakuti Windows ikalephera kutsegula NTUSER.DAT yanu, kaya chifukwa yawonongeka kaya chifukwa pulogalamu ina yaigwira, imakupatsani akaunti yobwereka kuti mungolowa. Kuti mutsimikize, lembani %USERPROFILE% pakabokosi ka Windows ndi R. Ikakufikitsani ku C:\Users\TEMP, ndi zomwezo. Choopsa chake n'chakuti chilichonse chimene mungasunge mu akaunti yobwerekayi chimafufutika mukangotuluka. Anthu amatayipa tsiku lathunthu mmenemo, mawa lake n'kupeza palibe.

Poyamba ingoyambitsaninso kompyutayo ndi Restart, kawiri kapena katatu, chifukwa ngati fayiloyo inangogwidwa, imamasuka yokha. Zikakanika, koperani kaye Desktop, Documents ndi AppData za m'foda yanu yeniyeni pa disiki ina. Mukatero lowani ndi akaunti ina ya Administrator, mutsegule regedit, mupite ku HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion\ProfileList. Muona manambala aatali oyamba ndi S-1-5-21. Awiri amakhala ofanana, koma imodzi ili ndi .bak kumapeto, ndipo mukaidina, ProfileImagePath imasonyeza foda yanu yeniyeni. Yopanda .bak ija muisinthe dzina poiwonjezera mawu ena kumapeto, ya .bak muichotse .bak, kenako Restart. Ngati NTUSER.DAT inawonongekeratu, njirayi siigwira. Pangani akaunti yatsopano n'kusamutsiramo mafayilo anu. Koma NTUSER.DAT yakaleyo musaikopere m'akaunti yatsopano, mungosamutsa matenda.

Nthawi zina nkhani yake ndi yaing'ono kuposa pamenepa. Pa kompyuta ya ofesi kapena ya pasukulu pamakhala maakaunti angapo, ndipo ma settings a mphunzitsi wamkulu sangaoneke mu akaunti ya mlembi. Zimenezo si vuto, ndi mmene anaipangira. M'malo ochitira intaneti ndi m'zipinda za makompyuta za m'masukulu mumapezekanso pulogalamu yotchedwa Deep Freeze, imene ntchito yake ndi kubweza makina mmene analili nthawi iliyonse akazimitsidwa. Pamenepo musadzivute, mwini wake yekha, amene ali ndi pasiwedi, ndiye angaimasule, kusintha zofunikazo, n'kuitsekanso. Ndipo ngati chimene chikuiwalika ndi tsiku ndi nthawi, kompyuta n'kumadzuka ili zaka zambiri m'mbuyo mpaka Chrome kumakana kutsegula masamba, AppData ilibe mlandu. Ndi kabatire kozungulira ka pa motherboard, nthawi zambiri CR2032, kamene katha mphamvu.

Muonenso disiki C. Mzere wake ukafiira mu This PC, malo atsala pang'ono, ndipo akatheratu mapulogalamu amalephera kulemba ma settings osakuuzani n'komwe.

## Word, A4 ndi mizere yofiira

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri a kuno amavutikira, makamaka nyengo ya mayeso aphunzitsi akamabwera ndi mapepala oti asindikize.

Office yambiri imene timaika imakhala yokonzedwera ku America, kumene pepala lawo ndi Letter, la masentimita 21.59 m'lifupi ndi 27.94 m'litali. Lathu ndi A4, la masentimita 21 ndi 29.7. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma ndi kumene kumachititsa kuti printa iime n'kumaphethira ikufuna pepala lina, kapena kuti tebulo lidukire m'mbali. Anthu amasintha pa Size n'kusankha A4, koma kusinthako kumathera m'kalata imeneyo yokha. Kalata yatsopano iliyonse Word imaiumba kuchokera ku fayilo imodzi yotchedwa Normal.dotm, imene ili mu %APPDATA%\Microsoft\Templates. Kuti A4 ikhazikike, pitani pa Layout, mudine kamuvi kakang'ono kamene kali pakona ya Page Setup, pa Paper musankhe A4, kenako mudine Set As Default pansi kumanzere n'kuvomera. Zilembo nazonso n'chimodzimodzi: Ctrl ndi D, musankhe mtundu ndi kukula, Set As Default, n'kusankha kuti zikhudze makalata onse a Normal. Makalata akale sasintha okha. Amene mumakonda kutsegula kalata ya chaka chatha n'kumalemba pamwamba pake, Letter yake izikutsatiranibe mpaka mutaikonza m'kalatamo.

Mukachita zonsezi koma mawa Letter n'kubweranso, ndiye kuti Word ikulephera kulemba mu Normal.dotm. Tsekani Word, mutsegule Task Manager ndi Ctrl, Shift ndi Esc, muone ngati Word ina sinatsalire ikuyenda mobisika, ikakhalapo muitseke. Pitani m'foda ya Templates ija, mudine kumanja pa Normal.dotm, Properties, muone ngati Read-only sinachongedwe. Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, fayiloyo musaifufute, ingoisinthani dzina ikhale Normal-yakale.dotm. Word ikatsegulidwa n'kupeza palibe Normal.dotm, imapanga yatsopano yoyera. Ngati vuto latha, ndiye kuti yakale ija inali yowonongeka. Ngati silinathe, simunataye kanthu, mungoibwezera dzina lake. Mukhozanso kutsegula Word mutagwira Ctrl, ilowe mu Safe Mode yopanda ma add-in, timapulogalamu towonjezera tomwe timalowa mu Word; ikayenda bwino mmenemo, wolakwa ndi add-in ina, ndipo muipeza pa File, Options, Add-ins.

Njira yosintha dzina m'malo mofufutayi ndi imene ndimaikhulupirira kuposa zonse, ndipo imagwira pa pafupifupi pulogalamu iliyonse imene tikambe m'munsimu.

Printa nayo ili ndi ma settings akeake, ndipo ali pawiri. Printing preferences ndi a akaunti yanu yokha. Printing Defaults, imene imapezeka mu Printer properties pa tsamba la Advanced, ndi ya printayo kwa anthu onse. Mukonze ponse pawiri. Ngati muli ndi maprinta awiri ndipo makalata akumapita kolakwika, zimitsani Let Windows manage my default printer mu Settings, chifukwa ikakhala yoyaka Windows imatenga printa imene mwagwiritsa ntchito pomaliza kukhala yaikulu.

Tsono mizere yofiira. Aliyense wolemba Chichewa kapena mayina a kwathu kuno amaidziwa: Nkhamenya, Santhe, Mtunthama, Chulu, zonse zofiira. Mukadina kumanja n'kusankha Add to Dictionary, liwulo limalowa m'kafayilo kotchedwa CUSTOM.DIC, mu %APPDATA%\Microsoft\UProof. Mu Office yatsopano, ngati munalowa ndi akaunti ya Microsoft, mawu amatha kupita mu RoamingCustom.dic, muona imene ikugwira ntchito pa File, Options, Proofing, Custom Dictionaries. CUSTOM.DIC ndi kafayilo kopepuka kwambiri, mawu okhaokha, liwu limodzi pa mzere, ndipo kamatseguka ndi Notepad. Mlembi amene wakhala zaka akuphunzitsa Word mayina a mafumu, midzi ndi masukulu a m'dera lake ali ndi chuma m'kafayilo kameneka, ndipo n'kamene okonza amakataya kawirikawiri pofomata. Kakopereni pa fulashi lero lomwe. Mukhoza ngakhale kugawirako mnzanu wa pa ofesi ina kuti asayambire pachiyambi.

Amene amalemba ŵ, monga m'mabuku a tchalitchi, amadziwa kuti mu Word amalemba 0175 n'kudina Alt ndi X, ndipo ambiri amaika mawu oterewa mu AutoCorrect kuti azidzikonza okha. Mndandanda umenewo umakhala m'mafayilo othera ndi .acl mu %APPDATA%\Microsoft\Office, pomwe zosintha zokhala ndi maonekedwe apadera zimalowa mu Normal.dotm. Siginecha ya Outlook ili mu Microsoft\Signatures, ndipo ma macro a Excel, timalamulo tojambulidwa kuti tizibwereza ntchito tokha, ali mu PERSONAL.XLSB, m'foda ya Microsoft\Excel\XLSTART. Zonsezi zili mu Roaming, moti kukopera foda imodzi ya Microsoft kumazitenga pamodzi.

## Magetsi akathima mwadzidzidzi

Mapulogalamu ambiri salemba ma settings nthawi imene mwawasintha. Amawasunga m'mutu kaye, n'kudzawalemba pa disiki pamene mukutseka pulogalamuyo. Photoshop imachita choncho. Tsono ganizirani mmene timagwirira ntchito kuno: pulogalamu imatsegulidwa m'mawa, imakhala yotsegula tsiku lonse, ndipo amaitseka ndi magetsi. Mwasanja zida zanu bwinobwino cha m'ma 9 koloko, magetsi athima masana, pulogalamu sinapeze mpata wolemba. Mawa muona ngati yaiwala, pomwe sinalembe n'komwe. Mankhwala ake ndi aulere: mukasintha setting imene mukufuna ikhalitse, tsekani pulogalamuyo nthawi yomweyo n'kuitsegulanso.

Choipa kwambiri ndi pamene magetsi athima fayiloyo ili pakati polembedwa. Imatsala yoduka, ndipo pulogalamu imayamba kukana kutseguka, kapena kutseguka n'kuzima yokha. Opanga mapulogalamu amadziwa zimenezi, ndipo ena anaika njira yachidule. CorelDRAW mukaitsegula mutagwira F8 imafunsa ngati mukufuna kubwezera malo ogwirira ntchito mmene analili ku fakitale. Photoshop ndi Ctrl, Alt ndi Shift pamodzi, mukangoidina kuti itseguke. LibreOffice ili ndi Restart in Safe Mode pa Help, ndipo ma settings ake ali mu %APPDATA%\LibreOffice\4\user, m'fayilo ya registrymodifications.xcu, nambala 4 ija isakusokonezeni, ngakhale LibreOffice yatsopano imagwiritsabe ntchito foda yomweyo. VLC imasunga zake mu %APPDATA%\vlc, fayilo ya vlcrc. Koma njira zachidulezi zimafufuta zimene munasanja, ndiye musanadine F8 koperani kaye foda ya Corel mu Roaming. Pulogalamu imene ilibe njira yachidule, itsekeni, mupeze foda yake mu Roaming kapena mu Local, muisinthe dzina, muitsegulenso.

Kalata imene munali kulemba magetsi akuthima ndi nkhani ina, koma imakhala m'dera lomweli. Word imasunga kope lodzitetezera pa mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, m'mafayilo a .asd mu %APPDATA%\Microsoft\Word, ndipo makalata amene munatseka osasunga amapezeka pa File, Info, Manage Document, Recover Unsaved Documents. Kwa ife mphindi 10 n'zambiri. Pa File, Options, Save, zichepetseni zifike pa 2 kapena 3.

Kunena zoona, amene mumadyera pa kompyuta ya pa tebulo, UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kongokupatsani mpata wotseka bwinobwino magetsi akathima, imaposa pulogalamu iliyonse yotsuka makina. Ndipo laputopu ya batire lakufa muiwerengere ngati ya pa tebulo. Mapulogalamu otsukawo ndiye muwachenjerere: ena mukawachonga paliponse amafufuta mbiri ya mu Chrome ndi mapasiwedi osungidwa, mwini wake n'kumadabwa kuti Facebook ikumufunsanso pasiwedi sabata iliyonse.

## Chrome ndi Firefox sizifanana

Chrome imasunga zanu mu %LOCALAPPDATA%\Google\Chrome\User Data, m'foda ya Default, kapena Profile 1, Profile 2 ngati muli anthu angapo. Mukalemba chrome://version pamalo a adiresi, mzere wa Profile Path ukuuzani foda imene mukugwiritsa ntchito. Kawirikawiri amene amati ma bookmark asowa amakhala kuti angotsegula profile ina. Dinani kachithunzi ka munthu pakona yakumanja muone. Akasowadi, m'fodamo muli fayilo ya Bookmarks ndi inzake Bookmarks.bak, imene ndi kope lakale. Kopeli limalembedwanso Chrome ikamatsegulidwa, ndiye musamangoitsegula n'kuitseka poyesa mwayi. Itsekeni, musinthe dzina la Bookmarks, kenako Bookmarks.bak muichotse .bak.

Mapasiwedi ndiye pamene anthu amagwa. Chrome pa Windows imawakhoma ndi kiyi womangiriridwa ku akaunti yanu ya Windows pa makina amenewo. Mukakopera foda ya User Data n'kuiika pa Windows yatsopano, ma bookmark abwera koma mapasiwedi satseguka. Njira zake ndi ziwiri: kulowa mu Chrome ndi akaunti ya Google kuti zonse zizisungidwanso pa intaneti, kapena kuwatulutsa ndi Export passwords mu Google Password Manager Windows yakale isanachotsedwe. Fayilo ya .csv yotulukayo ndi yosakhoma, aliyense angaiwerenge mu Excel. Musaisiye pa fulashi imene mumapita nayo kosindikiza, ndipo wokonza asaisunge. Mukangoilowetsa kumene ikupita, ifufuteni.

Firefox pa nkhani iyi ndi yosavuta. Zonse zili mu %APPDATA%\Mozilla\Firefox\Profiles, ndipo about:profiles imakusonyezani foda yake. Ma bookmark ndi mbiri zili mu places.sqlite, mapasiwedi ali mu logins.json ndipo kiyi wake ndi key4.db. Mafayilo awiri omalizawa akayenda limodzi, mapasiwedi amatseguka pa makina ena. Ubwino umenewu ndi choopsanso: amene wakopera foda yanu watenga zonse, pokhapokha ngati munaika Primary Password.

## Mapulogalamu akalekale

M'maofesi ena mukadali timapulogalamu ta nthawi ya XP, towerengetsera ndalama kapena tosungira mayina, tomwe tinazolowera kulemba ma settings mu Program Files momwemo. Kuyambira pa Vista, Windows siilola munthu wamba kulemba mmenemo, ndiye imapatutsa mwakachetechete zolembazo n'kuziika mu %LOCALAPPDATA%\VirtualStore. Chizindikiro chake n'chakuti pulogalamuyo mukaitsegula mwamasiku onse mumapeza zina, mukaitsegula ndi Run as administrator mumapeza zina. Palibe chasowa, pali makope awiri. Sankhani njira imodzi yotsegulira muzitsata imeneyo, ndipo posamutsa makina musaiwale VirtualStore.

## Musanapereke makina kuti akafomate

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo anthu ambiri akusamukira ku Windows 11 kapena kugula makina ena. Wokonza akakuuzani kuti mafayilo anu onse wasunga, nthawi zambiri amatanthauza Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads. Mufunseni mwachindunji kuti, "Nanga AppData mwakopera?" Ngati akudabwa, kopereni nokha musanamupatse: Roaming yonse, ndipo mu Local mutenge foda ya Google, ya Microsoft\Outlook ngati muli ndi makalata a .pst mmenemo, ndi VirtualStore. Temp isiyeni. Mapulogalamu akhale otseka pokopera, apo ayi mafayilo ena akana. Mutulutsenso mapasiwedi a Chrome monga tanenera, ndi Export ya chigawo cha registry cha pulogalamu imene mumadalira.

Pobwezera musathire Roaming yonse pamwamba pa yatsopano. Ikani pulogalamu, itseguleni kamodzi kuti ipange mafoda ake, itsekeni, kenako mubwezere zake zokha: Normal.dotm ku Templates, CUSTOM.DIC ku UProof, profile ya Firefox kwawo. Mukamabwezera chimodzichimodzi, chowonongeka chimadziulula chokha, ndipo mumadziwa choti muchisiye.

Ngati zachitika kale, Windows yatsopano yaikidwa musanakopere, yang'anani mwamsanga mu C ngati muli foda ya Windows.old. Imakhalapo ngati wokonzayo anaika Windows pamwamba pa yakale osafufuta disiki, ndipo mkati mwake muli Users, dzina lanu, ndi AppData yanu yonse. Musachedwe nayo, chifukwa Windows 10 ndi 11 zimatha kuichotsa zokha pakapita masiku 10, ndipo Disk Cleanup nayo imaichotsa. Ngati disiki inafomatidwa, siyani kuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Chilichonse chatsopano chimene mukulembapo chikukwirira zakale. Pa hard disk yakale mwayi wobweza umakhalapo ndithu, pa SSD ndi wochepa kwambiri.

Amene muli pa Ubuntu kapena Linux ina, zanu zili m'foda ya Home, m'mafoda oyamba ndi kadontho, makamaka .config ndi .local/share, Ctrl ndi H amawaonetsa. Vuto lobwerezabwereza kumeneko limabwera munthu akatsegula pulogalamu ndi sudo, lamulo lopatsa mphamvu za Administrator: fayilo ya ma settings imasanduka ya root, akaunti yaikulu ya makinawo, ndipo kuyambira pamenepo pulogalamuyo siithanso kulembamo mukaitsegula mwamasiku onse. Lamulo la sudo chown -R $USER ~/.config limabwezera umwini kwa inu. Pa Mac, mu Finder dinani Go mutagwira Option kuti Library ionekere, ndipo muyang'ane mu Preferences, momwe muli mafayilo a .plist, ndi mu Application Support.